Ndinapita kukaonera The Head & the Load, ndinakumana ndi atengatenga athu

Tikiti ndinagula mochedwa, mnzanga wa kuntchito atandikakamiza. Sewero limeneli, la William Kentridge, katswiri wa zojambula wa ku South Africa, limakamba za anthu a mu Africa amene ankanyamula katundu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Linayamba kuonetsedwa ku Tate Modern, nyumba yoonetsera zaluso ku London, mu 2018, ndipo kuno ku Johannesburg linafika mu April 2023 ku Joburg Theatre, Covid italichedwetsa. Ndimaganiza kuti ndi zisudzo wamba. Ayi ndithu.

Sanatikhazike m'holo momwe anthu amakhala masiku onse. Anatilowetsa kuseri kwa siteji, chifukwa seweroli limafuna bwalo lalitali kwambiri, loti maso sangalione lonse nthawi imodzi. Pakhoma lakumbuyo pamayenda zithunzi zojambula ndi makala, mamapu akale ndi masamba a mabuku a kuofesi za atsamunda. Kutsogolo kwake anthu enieni akuvina, akuimba, ena akukuwa m'zilankhulo zosiyanasiyana. Nyimbo anakonza ndi Philip Miller ndi Thuthuka Sibisi, magule ndi Gregory Maqoma.

Chimene sindidzaiwala ndi mdipiti wa onyamula katundu. Munthu akudutsa atasenza chinthu chodulidwa ngati sitima kapena mfuti yaikulu, nyale ili pansi, ndiye chithunzithunzi chake chimakula pakhoma mpaka kumeza kanema yense. Munthuyo ndi wamng'ono, koma mthunzi wa katundu wake ndi phiri. Pomwepo ndinakumbukira agogo anga aamuna akusimba za bambo awo, amene anagwidwa kukakhala tengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, akuyenda opanda nsapato kulowera ku Tanganyika. Kwathu nkhaniyi timaikamba pakhonde basi. Kuiona itadzaza khoma lonse, misozi inalengeza.

Panalinso amuna awiri ovala za usilikali, wina akugwa, mnzake akumudzutsa, kugwanso, kumudzutsanso, kwa nthawi yaitali mpaka mayi amene anakhala pambali panga anagwira pakamwa.

Ndipo mawu a kalata ya John Chilembwe alimo. Ija analembera Nyasaland Times mu November 1914, yodandaula kuti pa mtendere zabwino zonse n'za azungu, koma nkhondo ikabuka ndiye munthu wakuda afunika kukakhetsa mwazi. Ife timamudziwa pa ndalama ndi pa tchuthi cha 15 January. Kumva maganizo ake pakati pa anthu a ku South Africa, ambiri osadziwa n'komwe kuti Mbombwe, kumene kunali mishoni yake, ndi kuti, mtima unandigunda.

Kunena zoona, si sewero lokugwira dzanja kukuuza kuti nkhani yayambira apa, yathera apa. Zinthu zimachitika zambiri nthawi imodzi, phokoso, mawu olembedwa, magule, ndipo zina zinandidutsa. Mpando ndinasankha ndekha wa kumapeto, choncho zochitika mbali inayo ndimaziona patali. Likadzaonetsedwanso, gulani tikiti msanga ndipo khalani pakati, chakumbuyo pang'ono. Ana aang'ono musawatenge, mizinga yake ndi yoopsa. Werenganiko pang'ono za onyamula katundu a nkhondoyo musanapite.

Ndalama yanga sindikuidandaula. Nditafika kunyumba usiku womwewo ndinaimbira amalume ku Zomba kuwafunsa dzina lenileni la agogo aja, ndipo tinacheza mpaka mayunitsi anatha.