Makinawo ndawapatsa nyenyezi 4, koma mnyamata wa tsiku la 12 sindinamukhululukire

Ndamaliza maulendo onse 36 a TMS, chithandizo cha matenda ovutika maganizo chogwiritsa ntchito makina a maginito pamutu, milungu itatu yapitayi. Ndikanalemba ndemangayi pa tsiku la 12 bwenzi nditapereka nyenyezi imodzi, nayonso chifukwa choti ziro palibe pomudina.

Ndakhala ndi matenda ovutika maganizo zaka 6. Fluoxetine ndinamwa, sertraline ndinamwa, amitriptyline ankandigonetsa usana ndi usiku n'kundiumitsa kukamwa, venlafaxine ndikangoiwala tsiku limodzi mutu unkathetheka ngati muli waya wa magetsi. Adokotala anati mankhwala awiri akakanika, munthu atamwa mlingo wokwanira kwa nthawi yokwanira, matendawo amawatcha osamva mankhwala. Ine anali atakanika anayi. Atatchula za maginito, mayi akunyumba anakana kwamtuwagalu poganiza kuti ndi ECT, zamagetsi zija amagonetsa munthu n'kumukomola dala. Ndi zosiyana. Pa TMS umakhala uli maso pampando, ukamaliza umanyamuka n'kudziyendera wekha.  A pachipatalapo anatilipiritsa ndalama zonse tisanayambe, ndipo mfundo imeneyi muisunge, ibweranso.

Tsiku loyamba linandisangalatsa. Anandifunsa ngati ndili ndi chitsulo chilichonse m'mutu, kachipangizo koikidwa mkati mwa khutu, kapena ngati ndinagwapo khunyu. Kenako anandiveka chipewa chansalu, n'kuyeza mutu ndi tepi, n'kulemba madontho ndi peni. Koyilo yake, chipangizo cha maginito chimene amakugunditsa pamutu, ndi yooneka ngati nambala 8. Adokotala ankaisuntha pang'onopang'ono kumanzere kwa mutu, ikulira kuti tha, tha, mpaka chala changa chachikulu cha dzanja lamanja chinagwedezeka chokha ine osachituma. Ndinaseka, ndipo ndinali nditatha miyezi osaseka. Mphamvu yochepetsetsa yogwedeza chalacho ndi imene amawerengera mlingo wako. Wanga anauika pa 120 peresenti ya mphamvu imeneyo, koyilo n'kuisunthira kutsogolo, pamwamba pa chipumi chakumanzere. Imagogoda masekondi 4 mothamanga ngati makina osokera, n'kupuma masekondi 26, n'kuyambiranso, mpaka mphindi 37 ndi theka. Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu 6, kenako maulendo 6 otalikiranatalikirana otsirizira. Sabata yoyamba khungu la mutu linkapweteka ndipo madzulo mutu unkawawa, koma panado ankathana nazo.

Masiku 11 oyamba ankandiika pamakina ndi mayi wina wachikulire, munthu wosapupuluma. Asanakhudze chilichonse ankafunsa kuti, "Mwagona maola angati, bambo? Mowa mwalawako dzulo? Mankhwala sanakusinthireni?" Poyamba ndinkaona ngati akungocheza, koma ndinadzamva kuti kusagona, mowa ndi mankhwala ena zimawonjezera ngozi yoti munthu akomoke pamakinapo, ngakhale kuti zimenezi sizichitikachitika. Zotsekera m'makutu ankandipatsa m'manja n'kudikira mpaka nditavala.

Tsiku la 12 ndinapeza mnyamata. Foni ili pakati pa khutu ndi phewa, anangoloza mpando ndi chibwano n'kuti, "Khalani apo, madala." Funso ngakhale limodzi ayi. Chipewa anangondiponyera kumutu osaona ngati mzere wapakati wagwirizana ndi mphuno monga ankachitira mayi aja. Ndinati, "Achimwene, zotsekera m'makutu?" Anatsegula kabati, n'kuitsekanso. "Zatha. Lero lokha palibe chingachitike." Apa ndiye ndinalakwa ineyo, ndimayenera kunyamuka pomwepo. Koma aliyense amene akudziwa matendawa akudziwa kuti mphamvu zokangana ndi munthu sumakhala nazo. Umangoti bola zithe.

Atayatsa, ndinadziwa pa sekondi yoyamba kuti koyilo sili pamalo pake. Inali yatsikira chakufupi ndi diso. Chikope chinayamba kuphethira chokha, tsaya kukokeka, mano akumanzere kugundana ngati ndili pachisanu, ndipo ululu wake unali wobaya, wosiyana ndi kugogoda kumene ndinazolowera. Phokoso nalo, popanda zotsekera, linkalowa mpaka m'kati mwa chigaza. Itapuma ndinakweza dzanja. "Achimwene, yasuntha iyi, ikundipweteka m'diso." Sanadzuke n'komwe. Anachotsa foni pakamwa pang'ono n'kuti, "Limbani mtima madala, mwamuna salira." Ndinawerenga masekondi 26 aja mumtima ngati munthu wodikira chikwapu. Kachiwiri. Kachitatu. Misozi ikutuluka diso limodzi lokha, lakumanzerelo. Kachisanu ndinachotsa mutu n'kuimirira.

Apo ndiye anadula foni. Osati kudzaona ngati ndili bwino, koma kudzandiuza kuti, "Mukachoka, tsikuli tiliwerengera kuti mwalandira." Mphindi ziwiri ndi theka, ndalama za tsiku lonse.

Ndinapita pa desiki yolandirira alendo kukadandaula, manja akunjenjemera. Mayi wa pamenepo anandimvetsera akumwetulira, kenako, anthu anayi ali pabenchi akumva, anati, "Musadandaule bambo, odwala athu ambiri sachedwa kupsa mtima, timawamvetsa." Mawu amenewa anandipweteka kuposa koyilo. Munthu wabwera ndi dandaulo lenileni, diso lofiira, khutu likulira, ndiye akukuyankha ndi matenda ako omwe, kuti chilichonse chimene unganene n'chamutu wako. Pamalo pothandiza anthu ovutika maganizo! Khutu linalira kuti ziii masiku awiri. Ndinauza mayi akunyumba kuti ndalamazo zipite, sindipondakonso.

Iwo ndi amene anaimba foni kwa adokotala, ndipo apa ndiyenera kunena chilungamo. Adokotala sanazembe. Anandiitana Lolemba lotsatira, anapepesa, anayang'ana chipewa n'kuvomera kuti chikavalidwa mopendekeka madontho onse amasochera nacho. Anayezanso chala chija kuyambira pachiyambi, anandibwezera tsiku lotayikalo, n'kulemba pafayilo kuti azindiika pamakina ndi mayi wachikulire uja basi. Anatinso zotsekera m'makutu si nkhani yosankha, aliyense ayenera kuvala, ngakhale woyendetsa makinayo.

Ndinabwerera ndili ndi mkwiyo, ndipo sabata imeneyo ndi yotsatira sindinaone kusintha kulikonse. Ndinkangodziona ngati chitsiru chokhala pampando kugogodedwa mutu. Pa pepala la mafunso 9 loyeza kukula kwa matendawa, PHQ-9, limene amakupatsa Lachisanu lililonse (nambala ikakwera ndiye kuti matenda akula), ndinayamba ndi 22 pa 27. Sabata yachinayi ndinali pa 20. Ndinkalemba mokwiya mpaka peni kuboola pepala.

Zinasintha mwakachetechete moti woyamba kuona sanali ine. M'sabata yachisanu mng'ono wanga anaimba foni, ine n'kuyankha. Basi, kuyankha kokhako. Tinacheza mphindi 20 za ziii. Nditadula ndinapeza mayi akunyumba ataima pakhomo la chipinda akundiyang'ana. Anati, "Bambo, mukudziwa kuti papita chaka foni ikalira mumangoitembenuza?" Mawa lake ndinasamba popanda kukhala kaye ola lathunthu m'mphepete mwa bedi kudzinyengerera. Sindinasanduke munthu wachimwemwe ayi, koma chimwala chija chimene chinkandikhala pachifuwa m'mawa uliwonse chinapepuka moti ndimatha kudzuka nacho. Pomaliza PHQ-9 inali pa 9. Mankhwala ndikumwabe, ndipo adokotala anandiuza poyera kuti kwa ena matendawa amabwerera pakapita miyezi n'kufunika maulendo ena, komanso kuti ena makinawa sawathandiza n'komwe. Bambo wina amene tinkakumana pabenchi anamaliza onse 36 n'kundiuza kuti kwa iye palibe chasintha. Ndiye musamvere kapepala kawo kotsatsa, kamene kamalemba ngati aliyense amachira.

Kapepala komweko kamati ndi njira yatsopano. Yatsopano pati? Anthony Barker ndi anzake anaonetsa makina oyamba ku Sheffield, ku England, mu 1985, ndipo bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza TMS pa matendawa mu 2008. Chimene chinandinyansa n'chakuti chatsopano chenichenicho sanandiuze. Pali njira ya theta burst, ya mphindi zitatu zokha, imene FDA inavomereza mu 2018 kafukufuku wa ku Canada atapeza kuti sichepa mphamvu poyerekeza ndi ya mphindi 37 ija. Ndinazimva kwa wodwala mnzanga sabata yomaliza. Nditafunsa, anati makina awo amatha koma "sitinazolowere". Ine ndinkapempha maola awiri kuntchito tsiku lililonse kwa mwezi ndi theka, mpaka abwana kuyamba kundiyang'ana ndi diso lofiira. Funsani zimenezi musanalipire, ndipo zotsekera m'makutu gulani zanu muziyenda nazo m'thumba.

Nyenyezi 4 ndapereka chifukwa cha makinawo, adokotala ndi mayi wachikulire uja, amene tsiku lomaliza anandipatsa chipewa changa chamadonthomadontho kuti ndikasunge, mwina chidzafunikanso. Yachisanu yatsala ndi mnyamata uja. Akadali pomwepo, ndinamuona tsiku lomaliza akulowetsa mtsikana wina m'chipinda, foni ili pakhutu. Kalata yanga yodandaula ndinaisiya pa desiki ya mayi womwetulira uja, poti kwina koisiya kunalibe. Miyezi iwiri yakwana, yankho sindinalandire.