Mpeni wa sapphire ndi dazi langa, patatha chaka

Anzanga a ku Ulongué ndi ku Moatize, kwathu ku Mozambique, amene ankandidziwa ndi dazi safunsa china koma mpeni wa sapphire, chifukwa zipatala za ku Istanbul, ku Turkey, zimautamanda kwambiri pa Facebook. Chaka chapita chichitireni kumeneko opaleshoni yozula mizu ya tsitsi kunkhongo n'kuidzala pa dazi, ndiye ndinene zomwe mutu wanga wandionetsa.

Kampenika nsonga yake ndi mwala wopangidwa m'fakitale, wolimba kufika 9 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala, pomwe dayamondi ndi 10. Ntchito yake ndi imodzi basi: kuboola timabowo pa dazi pomwe mizu ya tsitsi idzadzalidwe. Pamenepa sindingadandaule. Nkhanambo zinayoyoka m'masabata awiri, ndipo pamphumi palibe chipsera chooneka.

Koma kuzula mizu kunkhongo sachita ndi sapphire ayi. Amagwiritsa ntchito kachitsulo kozungulira kotchedwa punch, kosakwana kapena kongokwana milimita 1, ndipo kwa ife atsitsi lopotana nkhani yagona pamenepa. Muzu wathu umapindika pansi pa khungu ngati mbedza. Wozulayo akalowetsa punch chiwongolere amaudula pakati, ndipo muzu woduka suphuka ngakhale bowo lake litabooledwa ndi mpeni wokwera mtengo chotani. Mbali ya kumanzere kwa mphumi yanga ndi yopyapyala kuposa ya kumanja, ndipo ine ndimakhulupirira kuti vuto linayambira pozula.

Mwezi wachiwiri tsitsi lodzalidwalo linathothoka pafupifupi lonse. Anali atandichenjeza, komabe mtima unali m'mwamba. Linayamba kuphuka cha m'mwezi wachinayi, lofewa ngati la khanda, n'kumakhwima pang'onopang'ono. Chomwe chinandizunza ndi dzuwa la ku Moatize la mu Okutobala. Khungu latsopano silifuna dzuwa, choncho ndinkavala chipewa chotakasuka, thukuta likutsikira m'maso. Amene mukuganiza zopita, konzani kuti mubwere nthawi yachisanu.

Wometa wanga akameta mpala, kunkhongo kumaoneka timadontho toyera tambirimbiri pomwe anazula mizu. Tsitsi likakula pang'ono timabisika. Amene khungu lanu limatupa pa chipsera, zomwe madokotala amati keloid, muwauze asanakugwireni n'komwe, chifukwa vutoli limapezeka kawirikawiri pa khungu lakuda.

Paliwombo, pomwe sanadzalepo, tsitsi lakale likupitirirabe kuchepa, ndiye ndimapakapo mankhwala othandiza tsitsi kumera otchedwa minoxidil tsiku lililonse. Opaleshoni siimitsa dazi.

Ndalama zowonjezera za sapphire sindikuzilira, koma sizimene zinabweretsa tsitsili. Musanatumize ngakhale metical imodzi, afunseni kuti adzazule mizu ndani, dokotala kapena omuthandiza, ndipo akutumizireni zithunzi za anthu atsitsi ngati lathu, zojambulidwa patatha miyezi 12, za pamphumi ndi za kunkhongo komwe.