Mabuku awiri ofufuza wakupha munthu

Loyambalo ndinagula latsopano m'sitolo, chikuto chake chonyezimira. Buku lonse ndinkakayikira mkazi wa malemuyo, kenako mnyamata wosamalira maluwa. Kumapeto wolemba n'kungotulutsa msuweni amene sanatchulidwepo n'kamodzi komwe, ati wakupha ndi ameneyu. Anandigwiritsa fuwa lamoto, ndalama zanga zija!

Lachiwiri ndinapeza kwa wogulitsa mabuku akale mu Cairo Road ku Lusaka, masamba achikasu, lina long'ambika pakona. M'menemu wakuphayo analipo kuyambira mutu woyamba, akuthirira alendo tiyi, ine osamuganizira n'komwe. Nditamaliza, ndili m'minibasi ya ku Chelstone, ndinabwerera m'mbuyo kukaona. Zizindikiro zonse zinali poyera, ngakhale wotchi ina yoima ya m'nkhanimo. Kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti tafika.