Kunjenjemera kochiritsa: ndemanga yanga pa thandizo la TRE

Nditachita ngozi ya minibasi ku Johannesburg, mabala anapola, koma tulo sindinkationa ndipo mapewa ankangokhala olemera ngati ndasenza thumba la chimanga. Mnzanga ananditengera kwa mayi wina wophunzitsa TRE, njira yomwe anayambitsa David Berceli wa ku America pofuna kuthandiza anthu osweka mtima kudzera m'thupi.

Mayiwo sanandifunse zambiri za ngoziyo, ndipo zimenezi ndinaziyamikira. Anandichititsa masewera 7 otopetsa miyendo, kuphatikizapo kutsamira khoma mawondo atapindika ngati ndakhala pampando, kenako ndinagona chagada pa kamphasa ka labala, zidendene zitagundana. Patangopita mphindi zochepa ntchafu zinayamba kunjenjemera zokha mpaka ndinachita mantha, koma iwo anandiuza modekha kuti ndikangowongola miyendo kunjenjemerako kusiya, ndipo kunasiyadi. Kudziwa kuti ndikhoza kukuletsa ndekha nthawi iliyonse n'kumene kunandikhazika mtima pansi.

Chodandaula changa n'chakuti chipindacho chinali chozizira kwambiri mwezi wa June, komanso mtengo wake ndi wokwera kwa munthu wodalira maganyu. Tulo tayamba kubwera pang'onopang'ono, ngakhale kuti kwa dokotala sindinasiye kupita.