Küchla za pa bekale ina ku Avondale: mphepete zili bwino, pakati mpolakwika

Ku Franconia, kumpoto kwa chigawo cha Bavaria ku Germany, mudzi kapena katauni kalikonse kamakhala ndi Kärwa, chikondwerero chokumbukira tsiku limene tchalitchi chawo chinapatulidwa. Loweruka anyamata amadzutsa mtengo wautali pabwalo pogwiritsa ntchito mapolo, ndipo m'nyumba amayi amakazinga Küchla, zakudya za ufa zofanana ndi mandasi. Bekale ina yaing'ono ku Avondale kuno ku Harare yayamba kuzigulitsa.

Ufa anaukanda bwino. Muli yisiti, mkaka, mazira ndi batala, ndipo zikuoneka kuti anausiya ufufume kawiri, chifukwa mphepete mwake ndi mofewa, mosalemera ngati mandasi a pa Mbare. Shuga wosalala amawaza zitazizira pang'ono, n'chifukwa chake sasungunuka.

Vuto lili pakati. Küchla yozungulira imakokedwa ndi zala mpaka pakati papyapyale kwambiri (kale ankaikokera pabondo), ndipo pakatipo payenera kukhala poyera. Zawozi n'zofiirira ponseponse. Izi zimachitika mafuta akalowa m'kadzenjeko potembenuza, kapena akatentha kwambiri. Komanso akukazingira mafuta a mpendadzuwa m'malo mwa batala wosungunula, ndiye fungo lija la Franconia palibe. Batala ngodula kuno, sitiwadzudzula kwambiri, koma akanalemba pachikwangwani.

Amapanga zozungulira zokhazokha, zimene ku Franconia amati ndi za Akatolika. Za makona anayi, za Apulotesitanti, alibe.

Pitani m'mawa. Ikakwana 2 koloko masana zimakhala zayamba kuuma.