Galu wa pa tcheni ndi galu womasuka mumpanda

Ku Kawale, ku Area 25 ngakhalenso ku Chinsapo, ambiri amamangirira galu pa tcheni tsiku lonse n'kumumasula usiku. Amati akatero amalusa, akuba amaopa. Kulusa amalusadi, koma ukali wake susankha. Galu wotopa ndi tcheni amaluma mwana woyandikana naye nyumba amene wangobwera kudzatola mpira. Tamuyang'anani pakhosi: ubweya unathothoka, pena pali bala lomwe ntchentche sizichokapo. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, mthunzi umasuntha iye n'kutsala pamtetete, mbale ya madzi ataigubuduza kalekale. Amagona pafupi ndi ndowe zake, nkhupakupa ndi utitiri n'kumaswana pomwepo.

Galu womasuka mumpanda amadzisankhira pogona, amathamanga, amazolowera anthu apakhomo. Mlendo amamuuwabe, ulonda sasiya ayi. Vuto lake ndi mpandawo. Ukakhala wa udzu kapena wa njerwa zogumuka, galu amakumba pansi n'kutuluka. Kunjako ndiye kuli magalimoto, ndewu ndi agalu osokera, komanso chiwewe, matenda omwe akangoonetsa zizindikiro sachizika, kwa galu ngakhale kwa munthu.

Ine ndimasankha mpanda. Ngati mpanda wanu ndi wosalimba, mumangireni galuyo khola lotakasuka lokhala ndi denga, ndipo muziyenda naye m'mawa ndi madzulo. Katemera wa chiwewe yekha musaphonye: ayambe ali ndi miyezi 3, kenako chaka ndi chaka. A LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la ku Lilongwe, komanso alangizi a ziweto a boma amabaya katemerayu.