Caddy: mapulogalamu atatu pa domain imodzi

Loji ya ku Likhubula yolandira okwera phiri la Mulanje, kapena ofesi ya alimi a tiyi ku Thyolo, imafuna zinthu zingapo pa intaneti: tsamba loonedwa ndi aliyense, pulogalamu yosungitsira zipinda kapena yolembera makilo a tiyi, ndi ya maakaunti. Kulipira seva zitatu n'kuwononga ndalama chabe. Seva imodzi yokhala ndi Caddy, pulogalamu yolandira alendo a pa intaneti, imakwanira, ndipo pa ntchito yaing'ono ngati iyi timaiyamikira kuposa Nginx, pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyo.

Caddy ndi yaulere. Imaima pakhomo, pa port 80 ndi 443, n'kumalozera mlendo aliyense ku pulogalamu yake. Mu Caddyfile, fayilo ya malamulo a Caddy, mumalemba dzina la domain (adiresi ya tsamba lanu), pansi pake `reverse_proxy localhost:3000`, basi. Setifiketi ya HTTPS, yoteteza tsamba, imaitenga yokha ku Let's Encrypt, bungwe lopereka masetifiketiwa, n'kuikonzanso isanathe. Pa Nginx zimenezi nthawi zambiri zimafuna kuti muikenso padera pulogalamu ina monga Certbot.

Vuto lili pa kagawidwe ka mapulogalamuwo. Ambiri amakonda njira ya chitsanzo.mw/malo, pogwiritsa ntchito `handle_path /malo/*`. Lamuloli limadula mawu oti /malo lisanapereke pempho kwa pulogalamu. Tsono pulogalamuyo sidziwa kuti ikukhala pa /malo. Imapempha fayilo ya maonekedwe a tsamba (CSS) pa /style.css m'malo mwa /malo/style.css, tsamba n'kutuluka loyera mbee, zilembo zokhazokha, mabatani osagwira ntchito. Mankhwala ake ali mu pulogalamu momwemo, kuiuza kuti ikukhala pa /malo: mwachitsanzo Django ili ndi `FORCE_SCRIPT_NAME`, Grafana ili ndi `root_url`. Pulogalamu yopanda zoterezi musalimbane nayo. Dziwaninso kuti /malo yopanda "/" kumapeto sigwidwa ndi lamulo lija, choncho onjezerani `redir /malo /malo/`. Ma cookie, timafayilo tokumbukira kuti mwalowa, nawonso amawombana: mapulogalamu awiri akapatsa cookie dzina limodzi, kulowa mu ina kumakutulutsani mu inzakeyo.

N'chifukwa chake timalangiza ma subdomain, kutanthauza kuti pulogalamu iliyonse ikhale ndi dzina lakelake patsogolo pa domain: malo.chitsanzo.mw, akaunti.chitsanzo.mw. Iliyonse muipangire A record (cholembedwa cholumikiza dzina ndi seva) yoloza ku IP, nambala ya adiresi ya seva, ndi ndime yakeyake mu Caddyfile. Mavuto a CSS aja amatheratu.

Seva muiike kuti? Rauta ya SIM nthawi zambiri ilibe public IP, adiresi yofikirika kuchokera kunja, ndiye Let's Encrypt siitha kufika pa kompyuta ya mu ofesi, setifiketi osatuluka. Onjezerani kuthimathima kwa magetsi. Ndi bwino kubwereka VPS, seva yolipira ya pa intaneti. Ngati mwaikabe mu ofesi, pulogalamu iliyonse muichitire `systemctl enable` kuti izidzuka kompyuta ikayaka. Mukapanda kutero, magetsi akabwera Caddy imadzuka yokha, mapulogalamu enawo osadzuka, alendo n'kumaona uthenga wa vuto wa 502 Bad Gateway.

Chosasangalatsa pa Caddy n'chakuti malangizo ambiri pa intaneti ndi a Nginx, ndipo ena ndi a Caddy 1, amene sagwira pa Caddy 2 ya mu 2020. Mukasintha Caddyfile, yambani ndi `caddy validate`, kenako `systemctl reload caddy`. Ngati mukuiyendetsa mu Docker, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena m'makontena, foda ya /data muisunge pa volume, malo osungira osafufutika ndi kontena, chifukwa ikamafufutika Caddy imapempha setifiketi yatsopano nthawi iliyonse, ndipo Let's Encrypt imalola setifiketi zofanana 5 zokha pa sabata.